Land Cruiser yanga inkachedwa kukwera

Land Cruiser 100 yanga ili ndi AHC, zija zokweza ndi kutsitsa galimoto ndi mphamvu ya mafuta a haidiroliki. Mvula itayamba, inkachedwa kukwera ndikadina H (batani loikweza), pampu ikungolira. M'misewu ya ku Chibavi, galimoto yotsika imakhula mimba pansi.

Ndinaiimika pamalo athyathyathya ku Luwinga, injini ikulira, n'kuiika pa N, msinkhu wapakati wa AHC (osati N ya giya). Apa mpofunika kusamala. Pa H mafuta amathamangira ku mashoko, kathanki ka mafuta a AHC kaku injini n'kuoneka ngati kauma. Pa L, galimoto ikatsika, amabwerera, kamadzaza. Muyezo weniweni ndi wa pa N. Anga anali pansi pa MIN.

Mafuta sangosowa okha. Kumbuyo pafupi ndi tayala, polumikizira paipi panali matope onona, akuda bii. Amakaniko anamanga bwino n'kuchotsa mpweya. Wina pagalajapo ankati tithire ATF, mafuta a giyabokosi, poti njotchipa, koma ndinakana ndithu. Ndinathira a Toyota olembedwa AHC mpaka pakati pa MIN ndi MAX.

Kenako tinawerenga timizere ta pakathanki tomwe mafuta amatsika galimoto ikamakwera kuchokera pa L kufika pa H. Tikachepera 7, ndiye kuti mabolo a gasi, aja ofewetsa mashoko, atha. Pa yanga tinapitirira, choncho sindinawasinthe.