Zoyenera kuchita mayi woyembekezera akamasanza mopitirira muyezo

Kuno ku Dedza, mayi wa pathupi pa miyezi iwiri akayamba kudana ndi fungo la utsi kapena la kachewere wokazinga, apongozi amangoti ndi mwana akudziwitsa kuti wabwera. Nthawi zambiri amakhala akunena zoona, chifukwa mseru wamba umachepa mimba ikafika masabata 16 mpaka 20. Koma pali kusanza kwina koopsa kumene madokotala amakutcha hyperemesis gravidarum, ndipo choyamba ndi kudziwa kukusiyanitsa ndi mseru wamba.

Yang'anani zinthu zitatu. Ngati mayi watha tsiku lathunthu chilichonse chimene wamwa, ngakhale madzi, chikubwerera. Ngati mkodzo wake wachepa ndipo wada ngati tiyi wopanda mkaka. Kapenanso ngati watsika thupi ndi magawo 5 pa 100 alionse, kutanthauza kuti amene ankalemera makilogalamu 60 wataya makilogalamu 3, musadikire tsiku la sikelo. Mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, mutanyamula buku lake la kusikelo. Kumeneko angamuike dripu, kumupatsa mankhwala oletsa kusanza ndi vitamini B1, komanso kumuyeza malungo ndi matenda a m'njira ya mkodzo.

Mukafika, fotokozani ngati mayiyo ankamva kale kuwotcha pamwamba pa mimba kapena anadwalapo zilonda za m'mimba. Zilonda zambiri zoterezi zimayamba ndi bakiteriya wotchedwa Helicobacter pylori, amene Barry Marshall ndi Robin Warren anamufotokoza ku Perth, m'dziko la Australia, m'zaka za m'ma 1980, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Kafukufuku wochitidwa pakati pa amayi achiarabu, makamaka ku Egypt, anapeza kuti kachilomboka kamapezeka kwambiri mwa amayi osanza moopsa kuyerekeza ndi anzawo oyembekezera amene sakusanza. Izi sizikutanthauza kuti aliyense amene ali nako adzadwala, pakuti pafupifupi theka la anthu padziko lonse ali nako ndipo ambiri sadziwa n'komwe. Komabe ndi chifukwa chokwanira chofunsira dokotala ngati pangafunike kuyeza chimbudzi. Kuyeza magazi kumangosonyeza kuti munthu anakhalapo nako, osati kuti ali nako panopa.

Chimene ndikuletsa mwamphamvu ndi kugula nokha mankhwala a zilonda za m'mimba pa golosale kapena pamsika. Ena mwa mankhwala opha kachilomboka, monga tetracycline, si oyenera kwa mayi woyembekezera, ndipo nthawi zambiri madokotala amasankha kudikira kuti mayi abereke kaye asanayambe kuthana nako.

Kunyumba, musamukakamize kumaliza mbale ya nsima. Mupatseni phala lopyapyala masipuni ochepa, kapena chidutswa cha buledi wouma asanadzuke pamphasa m'mawa, ndipo azimwa Thanzi ORS pang'onopang'ono, kamodzi pa mphindi zingapo, m'malo mogugudiza kapu yonse. Tiyi wa jinja amathandiza ena. Wophika akhale munthu wina, ndipo zakudya zamafuta zidikire. Ngati mapiritsi owonjezera magazi akukulitsa mseru, auzeni anamwino kuti aone chochita m'malo mongowasiya mwakachetechete. Popeza kachilombo ka Helicobacter pylori kaja kamafalikira kudzera m'madzi, m'zakudya ndi m'malovu, wiritsani madzi akumwa kapena muthiremo mankhwala otetezera madzi, ndipo musambe m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi.