Mmene mungayesere nokha ngati Eta Aquilae imawala monga masamu amanenera

Pali nyenyezi zina zomwe zimafufuma n'kuphwa mobwerezabwereza, kuwala kwake nkumasinthanso, ndipo imodzi mwa izo, Eta Aquilae, imaoneka ndi maso chabe kuno ku Mulanje. Katswiri wa zakuthambo Edward Pigott anazindikira kusintha kwakeko mu 1784. Masamu a akatswiri amati mkati mwake muli mpweya wa helium womwe umatsekereza kutentha, nyenyeziyo imafufuma, kutentha kuja kuthawa, iyo n'kubwereranso, ngati chivundikiro cha poto wa nyemba akamawira. Zimenezi musangovomera, ziyeseni.

Yambani mu Ogasiti kapena Seputembala chiperoni chikayamba kuchepa, chifukwa mu Juni ndi Julayi mitambo yochokera kuphiri ikutherani masiku. Chokani pa magetsi a pa boma, khalani mumdima mphindi ngati 15 osayang'ana foni, maso azolowere. Cha m'ma 8 koloko yang'anani kumpoto m'mwamba, muona nyenyezi ya Altair yowala kwambiri ili pakati pa nyenyezi ziwiri, Eta ili chakumwera kwake mtunda wosakwana chibakera mutatambasula mkono. Pulogalamu ya pafoni yoonetsa nyenyezi ya Stellarium ikuthandizani tsiku loyamba.

Apa ndiye pagona nkhani. Fanizirani Eta ndi zinzake zosasintha zomwe zili pafupi, pa nambala zoyezera kuwala Delta ndi 3.4, Beta 3.7, Iota 4.4, ndipo kumbukirani kuti nambala yaing'ono ndiye yowala kwambiri. Ngati ikuposa Iota koma sikufika pa Beta lembani mwina 4.0, tsiku ndi ola lomwe, mukope. Musayang'ane zomwe munalemba dzulo musanayeze, maso amanama akadziwa kale yankho, ine ndimaona kuti apa ndi pomwe ambiri amaonongera ntchito yabwino.

Pakatha miyezi iwiri, pa muyeso uliwonse werengani masiku kuchokera usiku woyamba, gawani ndi 7.177 (masiku omwe Eta imatenga kuti ibwereze kusintha kwake), tayani nambala yathunthu musunge ya pambuyo pa dontho, kenako ikani madontho onse pa pepala la galafu, nambalayo mopingasa, kuwala mokwera. Ngati masamu aja ali olondola muona kuwala kukukwera msanga, masiku awiri basi kufika cha pa 3.5, n'kutsika pang'onopang'ono masiku asanu mpaka cha pa 4.3. Potsikapo pamakhalanso kachitunda, katswiri Ejnar Hertzsprung anaona mu 1926 kuti malo ake pa galafu amasuntha malinga ndi masiku omwe nyenyezi iliyonse yotere imatenga kuti ibwereze kusintha kwake, ndipo masamu aliwonse ofotokoza nyenyezizi amayenera kukatulutsa pamalo pake, akalephera ndiye kuti pali chalakwika pa kulemera komwe anaipatsa nyenyeziyo kapena mmene kutentha kumadutsira mkati. Ndi maso nkovuta kukaona, pamafunika miyeso yambiri, nde ngati muli angapo, wina ku Thyolo wina ku Luchenza, phatikizani madontho anu chifukwa mtambo sutseka malo onse usiku umodzi.

Miyeso yanu tumizani ku AAVSO, bungwe lomwe lakhala likulandira zoterezi kuyambira 1911, amalandira ngakhale yoyeza ndi maso.