Kasankhidwe ka Mapulogalamu a Seva Yaing'ono ya Imelo Pakhomo

Musanaike pulogalamu iliyonse, yambani mwafunsa kampani imene imakupatsani intaneti ngati imalola makalata kutuluka kudzera pa port 25, khomo limene maseva a imelo amapatsirana makalata, chifukwa makampani ambiri amatseka njira imeneyi kwa makasitomala a m'nyumba pofuna kuchepetsa maimelo achinyengo. Funsaninso ngati adilesi yanu ya IP, nambala yozindikiritsa makina anu pa intaneti, ndi yosasinthasintha, komanso ngati angakulembereni PTR record, cholembedwa cholumikiza adilesiyo ndi dzina la seva yanu. Kuyambira mu Febuluwale 2024, Gmail imafuna kuti aliyense wotumiza makalata akhale ndi SPF kapena DKIM, njira zotsimikizira kuti kalata yachokeradi kwa mwini dzinalo. Zimenezi zikakanika, seva yanu ikhoza kumalandirabe makalata, koma potumiza muzidutsira pa seva ina yodalirika, yotchedwa relay.

Ntchito ya imelo imafuna mapulogalamu awiri: ina yonyamula makalata pakati pa maseva, ina yokupatsani makalatawo pa foni kapena pa kompyuta. Pa ntchito yoyambayo, ine ndimalangiza Postfix, imene Wietse Venema anaitulutsa mu 1998. Chifukwa changa n'chakuti fayilo yake ya makonzedwe ya main.cf imawerengeka mosavuta, ndipo vuto lililonse limene mungakumane nalo, anthu ena anakumana nalo kale n'kulemba yankho lake. Exim, yochokera ku yunivesite ya Cambridge, ndi yamphamvu, koma makonzedwe ake ndi ovuta kutsatira kwa munthu woyamba kumene. OpenSMTPD ndi yoyenera amene akufuna makonzedwe a mizere yochepa chabe.

Pa ntchito yachiwiri sankhani Dovecot, ndipo muiuze kuti izisunga makalata m'njira ya Maildir. M'njira imeneyi kalata iliyonse imakhala fayilo payokha, choncho fayilo imodzi ikawonongeka makalata ena onse amatsala, ndipo kukopera zonse pa disiki ina n'kosavuta.

Posefa spam, kapena kuti makalata osafunika, Rspamd ndi yopepuka ndipo imasainanso makalata otuluka ndi DKIM. Samalani ndi ClamAV, yofufuza mavairasi, chifukwa payokha imadya memory yopitirira 1 GB, zomwe zimalemetsa kakompyuta konga Raspberry Pi.

Alipo mapaketi amene amaika zonsezi nthawi imodzi, monga Mailcow ndi Mail-in-a-Box. Amapulumutsa nthawi ndithu, koma Mailcow imafuna memory yokwana 6 GB, ndipo Mail-in-a-Box imafuna makina a Ubuntu osagwira ntchito ina iliyonse. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti tsiku limene makalata adzasiye kufika, mwini seva amene sanakonzepo yekha kalikonse sadziwa poyambira.

Mukamaliza kuika, tengani satifiketi yaulere ya Let's Encrypt, yothandiza kubisa uthenga uli m'njira, tsegulani port 587 potumizira ndi 993 powerengera, kenako yesani kutumiza kalata kuchokera kunja popanda pasiwedi kupita ku adilesi yachilendo. Seva ikailola, konzani msanga, chifukwa otumiza spam akaipeza, adilesi yanu imalowa m'ndandanda wa maseva okanidwa.