Mukapita ku chikondwerero cha mbalame ku Bhutan, tengani zovala zofunda

Chaka chilichonse pa 11 Novembala anthu a m'chigwa cha Phobjikha ku Bhutan, dziko la ku Asia, amasonkhana pa kachisi wa Gangtey kulandira mbalame zamiyendo italiitali, za khosi lakuda, zomwe zimabwera kuchokera ku Tibet kudzathawa chisanu. Mwambowu unayamba mu 1998. Ana a sukulu amavina atavala ngati mbalamezo, akuluakulu nawo amavina magule a zigoba kumaso.

Chigwachi chili pamtunda wa mamita pafupifupi 3,000, ndiye kuzizira kwake sikwamasewera. Juzi imodzi siyikwana ayi. Fikani dzulo lake mukagone komweko, poti ulendo wochokera ku Thimphu, likulu la dzikolo, ndi wa maola angapo pamsewu wokhotakhota. Mukamalowa m'kachisi, manja ndi miyendo zikhale zophimbidwa, chipewa muvule, nsapatonso, ndipo musajambule m'katimo.

Mbalame zenizenizo musaziyandikire m'dambo, zimachita mantha msanga. Pitani ku malo a bungwe loteteza zachilengedwe la RSPN, kuli makina oonera patali. Anthu kumeneko amazilemekeza moti nthambo za magetsi anazikwirira pansi kuti zisamakodwe.

Pa nkhani ya chakudya, ndiwo ya kumeneko yotchedwa ema datshi ndi tsabola weniweni wophikidwa ndi tchizi. Yambani mwalawa pang'ono.