Osalimbana ndi timabatani mutanyamuka kale: mawusi mu VR

Anzanga amene mumaulutsa ndege pa kompyuta mutavala chigalasi cha VR (chija chimakuonetsani ngati muli m'kati mwenimweni mwa ndege), ndikudziwa pamene ambiri mumakakamira. Ndege mukuiyendetsa bwinobwino ndi joyisitiki koma ikafika nthawi yopotokola kabatani ka heading (mbali imene ndege ikulowera, m'madigiri) kapena ka altimeter (chipangizo choyezera kutalika kwa pamene ndege ili m'mwamba), dzanja likungofufuzafufuza patebulo osaona mawusi, ukaipeza kamuvi kake kaja kakuoneka ngati tiwiri, pofika pokhudza kabataniko ndege yapendekeka kale.

Tiyambire patebulo. Mukavala chigalasi ngati Quest 2 kapena Reverb G2 simuonanso manja anu, ndiye mawusi iyenera kukhala malo amodzi tsiku lililonse. Ine ndinamata kapadi kake ndi selotepu kumanja kwa joyisitiki, m'mphepete mwake ndinaikamo kathabwa kakang'ono koti chala chikagunda ndidziwe kuti ndafika. Kapu ya tiyi ichoke pamenepo chonde.

Gemu ya Microsoft Flight Simulator ija anapanga a Asobo Studio a ku Bordeaux inatuluka mu Ogasiti 2020, VR n'kubwera mu Disembala chaka chomwecho. Mu 2021 anasintha kagwiridwe ka mabatani ndipo apa mpamene ambiri anasokonekera. Pitani ku General Options, kenako Accessibility, mupeza Cockpit Interaction System, pali Lock ndi Legacy. Pa Lock mumadina kabataniko osasiya n'kumakoka mawusi, zomwe ndi zabwino kwa wogwiritsa ntchito kontrola ya Xbox, koma mu VR mutu wanu sukhala phee, umagwedezeka pang'onopang'ono ndipo kukoka kuja kumapitirira muyeso, umafuna 090 n'kupezeka uli pa 120. Ine ndimalangiza Legacy. Ikani kamuvi pamwamba pa kabatani, zungulizani kagudumu ka pakati pa mawusi, basi. Kudumpha kamodzi digiri imodzi, chala chimamva chokha ndipo mutha kuwerenga maso ali panja.

Zoti kamuvi kamaoneka kawiri musadandaule kuti chigalasi chawonongeka ayi. Diso lililonse limalandira chithunzi chakechake, ndiye kamuvi kakakhala pa mtunda wosiyana ndi chinthu chomwe mukuyang'ana kamagawikana. Tsinzinani diso limodzi kwa kamphindi, lozani, tsegulani. Komanso weramirani kutsogolo ngati mmene mumachitira poika ulusi pa singano, makamaka pa masikirini a Garmin G1000 a mu ndege ya Cessna 172 pamene timabatani tina tili tiwiri pamodzi, kakakulu kunja kakang'ono mkati. Mukakhala patali mudzangopotokola kolakwika. Mpando ukasokonekera dinani Space kuti mubwerere pakati, Ctrl ndi Tab ndiyo yolowera ndi kutulukira mu VR.

Koma chachikulu chimene ndikufuna mumve ndi ichi, ntchito yambiri ya mawusi ithere pansi ndege isananyamuke. Tiyerekeze muli pa Chileka mukufuna kupita ku Lilongwe. Bwaloli lili pa mafiti pafupifupi 2,550 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye potokolani kabatani ka baro, kotchera kupanikizika kwa mpweya pa altimeter, mpaka altimeter iwerenge pafupi ndi pamenepo, kapena dinani B pa kiyibodi ngati mwaipeza. Musazitenge mopepuka izi, kuphonya ndi hPa imodzi yokha (muyeso wa kupanikizika kwa mpweyawo) ndi mafiti pafupifupi 30, mukaphonya ndi khumi ndiye mafiti 300 amenewo ndipo phiri la Michiru lili pompo pafupi. Ikiranitu heading, ikiranitu mtunda wokwera, mafrikwensi a wailesi awiri onse mutchereretu wina adikire pa standby kuti m'mwamba mungodina kamodzi.

Mukakhala m'mwamba ndipo pafunika kusintha kanthu, yambani mwachita trim, kutchera mphuno ya ndege kuti isamakwere kapena kutsika yokha, mpaka ndege iziyenda yokha mutaisiya, kenako gwirani mawusi, sinthani chinthu chimodzi, dzutsani mutu muone panja, mubwererenso. Zinthu zofunika changu monga mafulapu a pa mapiko, trim ndi mabuleki zisamadalire mawusi n'komwe, ziikeni pa mabatani a joyisitiki.

Sabata ino musanyamuke kaye. Imikani Cessna pabwalo injini ikulira, valani chigalasi, ndipo kwa mphindi khumi muzingochotsa dzanja pa joyisitiki, kupeza mawusi, kusuntha heading madigiri 30, kubwerera. Mukafika poichita osaweramutsa chigalasi kuti musuzumire patebulo, pemphani chilolezo chonyamuka.