Kuphunzitsa composition manje pamene ana ali ndi AI m'foni

Aphunzitsi anzanga, ine ndimaphunzitsa Chingelezi pa sekondale ina kuno ku Lusaka, ndipo chilowereni Meta AI, pulogalamu yoyankha mafunso ndi kulembera munthu nkhani, mu WhatsApp mu 2024 homuweki ya composition siili ngati kale. ChatGPT inabwera mu Novembala 2022 koma ija inkafuna mwana wochangamuka, iyi ya pa WhatsApp ndiye aliyense wokhala ndi kabandulo kochepa amangoifunsa pa foni ya amayi ake basi. Mwana amene m'kalasi sentensi imodzi imamutulutsa thukuta, Lolemba akukubweretserani masamba awiri osalala bwino, opanda ndi pofufuta pomwe.

Poyamba lekani kusaka akuba. Mapulogalamu aja amati amagwira zolemba za AI musawakhulupirire, a OpenAI eni ake a ChatGPT anatseka yawo mu Julaye 2023 chifukwa inkaphonya kwambiri. Ine ndinakalipira mtsikana wina kuti wakopera, mawa lake anabwera ndi buku lake la rafu, nkhani yomweyo atailemba katatu ndi dzanja lake. Mpaka lero chimandiwawa.

Chimene chandithandiza ndi kubweza kulemba m'kalasi. Mphindi 20 chabe, bolopeni ndi buku, ndime imodzi. Ndikudziwa kuti chiyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi anadzaza ndipo kuchonga mabuku onse sabata iliyonse nkosatheka, ndiye ine ndimazungulira akulemba, ndimasaina ndi kuika deti pamene aliyense walekezera, kenako ndimatenga mabuku a mzere umodzi kukawerenga, sabata inayo mzere wina. Pofika pakati pa temu mumakhala mwadziwa kalembedwe ka mwana aliyense monga mmene mumadziwira mawu ake akamayankhula kuseri kwa chitseko. Homuweki ikhale yokonza ndime imene mwasaina ija, ndipo mamakisi agaweni, ena a rafu ena a yomaliza.

Manje mitu. Apa ndi pamene ambiri timadzipweteka tokha, ukapereka mutu ngati ubwino wa maphunziro ndiye kuti waipatsa AI nsima ndi ndiwo zomwe. Perekani zimene makinawo sanaone. Mmene mumafikira ku sukulu madzi akadzaza ku Kanyama. Zimene zinachitika pa nyumba panu nthawi ya kolera ya 2024, masukulu atachedwa kutsegula mpaka Febuluwale ndipo odwala akugonekedwa ku Heroes Stadium. Mkangano wa kondakitala ndi mayi wonyamula tomato kuchokera ku Soweto Market. Kapena muwatume akafunse ambuya awo mmene komboni yawo inalili kale, alembe mawu a ambuyawo mu Chinyanja mmene anakambira, kenako awatembenuze okha. Mwana wina anandilembera za malaiti atathima akuwerenga ndi tochi ya foni mng'ono wake akulira njala, Chingelezi chake chinali chothyokathyoka koma ndinawerenga mpaka kumapeto osaika bolopeni pansi.

Mukakayika, musaweruze, muitaneni mumufunse bwinobwino. Liwu ili likutanthauza chani? Chifukwa chani unayambira apa? Amene analemba yekha amayankha ngakhale mwachibwibwi.

AI yomweyo ibweretseni m'kalasi poyera. Ifunseni pamaso pawo kuti ilembe za Matero kapena Chawama, koperani ndime imodzi pa bolodi, ana aivundukule okha kuti chasowa nchani, yanama pati, ndi mawu ati amene munthu wa kuno sangakambe. Amakangana mpaka belu kulira, ndipo kukanganako ndi kuphunzira kukonza zolemba kumene takhala tikuwapempha zaka zonsezi. Ine ndimawalola kuifunsa kuti iwafotokozere lamulo la galamala limene sanamve, koma ndime alembe okha, ndipo amene waigwiritsa ntchito alembe pansi pa tsamba chimene anaifunsa. A mayeso ndimawakumbutsa sabata iliyonse kuti m'chipinda cha mayeso a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso kuno ku Zambia, foni silowa, ndiye Lachisanu lililonse timalemba composition yathunthu ndi wotchi, mabuku otseka.