Musanagule tebulo ya CNC plasma ya mu shedi yanu, yambani kaye apa

Mwina munaonapo pa Facebook kapena YouTube kavidiyo ka mashini akudula chitsulo okha, kamoto kabuluu kakuyenda pa shiti ngati cholembera, mphindi ziwiri basi kwatuluka nkhope ya mkango kapena dzina la munthu lopachika pa geti. Imeneyo ndiye tebulo ya CNC plasma, mashini odula chitsulo oyendetsedwa ndi kompyuta. Ndiye mtima nkuyamba kuti inenso ndikufuna imeneyi, galainda yandikwana. Chabwino, koma tebuloyo ndi yomwe muyenera kusankha komalizira. Ambiri amayambira pa tebulo nkudzazindikira katundu atafika kale kuti magetsi a pakhomo sakukoka, kompresa ndi yaing'ono, nde chinthu cha ndalama zambiri chimangokhala pakona chitafunditsidwa nsalu.

Choyamba, dziwani zomwe mukufuna kumadula

Plasma imagwira ntchito ndi magetsi komanso mpweya wa kompresa, mpweya uja umatentha kupitirira madigiri 20,000 nkusungunula chitsulo ndikuchiwuzira kunja. Imadula zokhazo zomwe magetsi amadutsamo: chitsulo wamba, stainless, aluminiyamu. Matabwa, pulasitiki, galasi iwalani. Lembani papepala ntchito zomwe zili mmutu mwanu, kaya zikwangwani, maluwa a pa geti, mbaula zowotchera nyama, mabulaketi, kenako muone kuti shiti yake ndi yokhuthala bwanji. Zambiri za pakhomo zimathera pa 2mm mpaka 6mm.

Chachiwiri, magetsi

Kuno kwathu nyumba zambiri zili pa 230V, single phase. Kata ndi makina otulutsa moto wodulawo, ndipo ya ma amp 45 imayenda pamenepo koma ipatseni mzere wake wake, waya wokhuthala ndi breaker yake, osati kuilumikiza pa soketi ya filiji. Kumbukirani kuti kompresa nayo imakhala ikulira nthawi yomweyo, ziwirizi pamodzi zimadya. Ma kata akuluakulu a ma amp 85 kapena 100 ambiri amafuna three phase, ndipo mungayambe mwalankhula kaye ndi a ESCOM. Itanani munthu wa zamagetsi aone musanatumize kobiri kulikonse. Komanso ngati mukuitanitsa ku America funsani bwino za bokosi loyendetsa tebulo, kumeneko zinthu zambiri zimapangidwira 110V.

Chachitatu, kata yeniyeniyo, apa nde pofunika kudekha

Nthawi zambiri tebulo ndi kata amagulitsa padera. Pa kata pali zinthu zitatu zoti muone.

Kayambitsidwe ka moto. Ma kata otchipa ambiri aja olembedwa CUT-40, CUT-50 amayatsa ndi high frequency, ndipo phokoso la magetsi lomwe amatulutsa limasokoneza kompyuta ndi ma mota a tebulo, mashini nkungoima pakati pa ntchito kapena kuyamba kuyenda kolakwika shiti nkuonongeka. Podula pamanja ndi abwinobwino, koma pa CNC funani yolembedwa blowback start, yomwe imayatsa moto popanda high frequency. Wogulitsa akamazungulirazungulira pa funso limeneli musiyeni.

Kachiwiri, nambala yomwe amalemba pabokosi kuti imadula mpaka mamilimita akutiakuti isakupusitseni. Pa tebulo moto umayambira pakati pa shiti, umaboola kaye kenako nkumayenda, ndiye nambala yofunika ndi ya pierce. Mwachitsanzo Powermax45 XP ya kampani ya Hypertherm imadula 16mm bwinobwino koma kuboola imafika 12mm. Imeneyo ndi yokwera mtengo zedi, sindikunamizani, koma ndi imene anthu ambiri amayezerapo zinazo.

Kachitatu duty cycle. Akalemba 50% akutanthauza kuti pa mphindi 10 iliyonse imadula 5 nkupuma 5 ikakhala pa mphamvu yonse. Pamanja simuziona chifukwa mumapuma nokha, koma kompyuta siitopa, ndipo kutentha kwa Okutobala kumafupikitsanso nthawiyo.

Muonenso ngati ili ndi pobayira waya wa CNC kumbuyo, ndiponso ngati mungapeze torch (chogwirira chomwe moto umatulukira) yowongoka ya mashini, ya mmanja ija imatheka kumangirira koma imavuta kuimika bwino.

Chachinayi, mpweya

Kata ya ma amp 45 imafuna mpweya pafupifupi malita 190 pa mphindi pa 6 bar, osadukiza. Tikompresa ta malita 24 topopera matayala sitingakwanitse. Ndipo musamangoona kukula kwa thanki, onani malita omwe imatulutsa pa mphindi. Nkhani ina yomwe anthu amaiderera ndi madzi a mu mpweya. Nthawi ya dzinja kompresa imadzadza chinyontho, madziwo akafika ku torch amatha nozzle (kansonga ka torch) msanga ndipo mdulidwe umatuluka wonyansa, nde ikani fyuluta yochotsa madzi ndipo muzikhetsa thanki tsiku lililonse.

Chachisanu, tsopano tebulo

Shiti yathunthu imakhala pafupifupi 1.2m ndi 2.4m, ija timati 4 by 8 tikamayeza mma fiti. Tebulo yolowa shiti yonse ndi yabwino koma imadya malo, muyeneranso kusiya podutsa ponyamula shiti komanso mtengo wonyamulira kuchokera kunja umakwera. Ya 2 by 2 ngati CrossFire yaing'ono ya Langmuir Systems ndi yophunzirirapo, koma mudzatopa ndi kuyamba mwadula kaye shiti ndi galainda kuti ikwane. Ine ndikanati 4 by 4, theka la shiti, imakwana mu garaja ndipo zokongoletsa mageti zambiri zimalowamo.

Chomwe sindingalole kusiya ndi THC, kachipangizo kokweza ndi kutsitsa torch yokha ikamadula. Mpata wa pakati pa torch ndi shiti umakhala cha mma 1.5mm basi, pomwe shiti zomwe timagula mma hardware sizikhala zowongoka kwenikweni, komanso yopyapyala ikatentha imapindika. Popanda THC torch imagunda, nozzle yatha, ntchito yaonongeka. Bola tebulo yaing'ono ya THC kusiyana ndi chimtebulo chopanda.

Sankhani tebulo yokhala ndi beseni la madzi pansi pa shiti. Madzi amagwira utsi ndi fumbi lambiri komanso amaziziritsa shiti. Mukadula aluminiyamu musasiye zidutswa mmadzimo, zimatulutsa hydrogen yomwe ikaunjikana pansi pa shiti imatha kuphulika. Shiti za galvanised utsi wake umadwalitsa, tsegulani zitseko. Magalasi akuda valani ndithu, moto wake umaotcha maso ngati wowotcherera womwe uja.

Gwedezani tebuloyo ngati muli nayo pafupi, ikamagwedera mabowo ake azituluka ngati dzira.

Chachisanu ndi chimodzi, kompyuta

Mumajambula kaye, ambiri amagwiritsa Inkscape yomwe ndi yaulere kapena Fusion 360, nkusunga ngati fayilo ya mtundu wa DXF, kenako pulogalamu ngati SheetCam imasandutsa chojambulacho kukhala G-code yomwe tebulo imamva. Ma tebulo ena amayendera mapulogalamu a pa kompyuta monga Mach3 kapena LinuxCNC, ena aku China amabwera ndi kasikirini kawo mumangobaya flash. Yambani kuphunzira kujambula pano tebulo isanabwere, sizifuna ndalama ndipo mpamene anthu amakakamira kwambiri. Funsaninso ngati mashini amatha kupitiriza pomwe anaimira, magetsi akathima pakati pa shiti mudzathokoza. Laputopu kapena ka UPS zimathandizako kuti fayilo isatayike.

Chomaliza, werengani ndalama zonse

Mtengo womwe mukuona pa intaneti ndi wa tebulo yokha. Onjezani kata, kompresa, fyuluta, mawaya, sitima mpaka ku Beira kapena Dar es Salaam, lole yobweretsa kuno, msonkho wa ku MRA, wokuthandizani kuombola katundu, zonsezi mu forex. Kugula ku Joni nthawi zina kumaoneka kodula koma spare imabwera msanga pa basi. Ndipo nozzle ndi electrode zimatha ngati ma disiki a galainda, nde funsani kaye mashopu a zowotcherera ku Lilongwe kapena ku Blantyre kuti amasunga za mtundu wanji. Ngati za kata yanu kulibe, itanitsani zambiri limodzi ndi mashini, chifukwa mwezi woyamba mukuphunzira mudzaotcha zingapo ndithu.